Makalawo Mudawatola Pati?

Nabanda, mwana wa mlongo wanga,

Mayi ako adabwera kuno Lamulungu lapitali nkhope ili yakugwa. Akuti iwe, utatha zaka zonsezi ku South Africa mpaka kutenga digiri ya udokotala wa masamu a ziwerengero, wakana ntchito ya kubanki ndipo ukupita ku England kukawerenga mapale. "Achimwene, mwanayu mumulankhule. Mapale ali mbwee kudzala kwathuku, chokwerera ndege n'chiyani?" Ndidaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndidawalonjeza kuti ndikulankhuladi, ngakhale sindidalonjeze kuti ndikubweza. Njira ukuiyambayi ndidaipondapo, nthawi imene kompyuta imodzi tinkalandizana anthu khumi. Anthu akukutchula kuti Dokotala, ndipo udavutikira dzinalo, koma ine ndipitiriza kunena kuti iwe, poti ndidakunyamula usanamere mano.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo, imene amaitcha postdoc. Mayi ako akuganiza kuti walembedwa ngati mphunzitsi wa boma, wodikira penshoni. Uwauze zoona: ndi ganyu wa anthu ophunzira. Pulofesa amapempha ndalama ku bungwe ngati European Research Council, Leverhulme Trust kapena Arts and Humanities Research Council. Akapatsidwa, amalemba anthu oti amugwirire mbali zina za kafukufuku kwa chaka chimodzi, ziwiri, zikakoma zitatu. Ndalama zikatha ndime yatha, khasu paphewa. Palibe wakuchotsa, palibe walakwa. Tsiku lomaliza lidalembedwa kale m'kalata imene udzasaine tsiku loyamba. Tsiku limenelo ulidziwe ngati tsiku lako lobadwa, chifukwa mayesero amene ndikuuze m'kalata muno amachokera pomwepo.

Iwe udazolowera ziwerengero za m'zipatala, kumene odwala amalembedwa zikwizikwi, ndipo kafukufuku akalakwika amabwerezedwa. Kufukula zakale sikubwerezedwa. Dothi ukalikumba walikumba. Zotsala m'manja ndi mapale, mikanda, mafupa, njere zopserera, zitsulo zadzimbiri ndi makala angapo okulungidwa m'pepala la siliva. Pa zimenezi anthu akufuna kudziwa kuti mudzi udamangidwa liti, udakhala mibadwo ingati, ndipo adayamba ndani pakati pa a kutsidya ndi a kuno. Umboni wake ndi wochepa, wong'ambikang'ambika, ndipo amene adasankha choti chitsale ndi chiswe, mvula ndi makasu a alimi. N'chifukwa chake akufuna munthu wa masamu. Ntchito yako idzakhala kunena kuti umboni wochepawo ungasenze katundu wolemera bwanji, ndi kukana pamene anthu akufuna kuusenzetsa wopitirira.

Vutoli si la lero. Mu 1899 Flinders Petrie, Mngelezi amene ankafukula ku Egypt, adali ndi manda pafupifupi 900 opanda cholembedwa chonena chaka. Adadula timapepala tatitali, manda alionse kapepala kake, n'kulembapo mitundu ya miphika yopezeka mmenemo. Ndiye ankatisuntha patebulo, kuyandikizitsa manda a miphika yofanana, mpaka adaona mmene kaumbidwe kankasinthira mibadwo ikamapita. Masamu amene iye adachita ndi zala, akatswiri ngati David Kendall wa ku Cambridge adadzawakonza bwino patapita zaka zambiri. Chimene chimandikomera ine n'chakuti magawo ake adawapatsa manambala kuyambira 30 mpaka 80. Sadayambe ndi 1. Adasiya malo a zinthu zakale kwambiri zimene zidali zisanapezeke, ndipo m'zaka za m'ma 1920 zidapezekadi ku Badari. Munthu yemweyo adalakwitsanso zazikulu, poti poyamba ankati mandawo ndi a mtundu wachilendo wobwera kuchokera kwina. Iwe utengeko chizolowezi chosiya malocho, zinazo umusiyire.

Chaka cha 1949, pomwe kwathu kuno njala inkasesa midzi, ku Chicago Willard Libby ndi mnzake James Arnold adaonetsa kuti zaka za chinthu chimene chidali chamoyo zitha kuyezedwa. Zomera zimakoka kaboni mumpweya, nyama ndi anthu timamutenga m'zakudya. Kachigawo kochepetsetsa ka kaboniyo, kotchedwa kaboni-14, kamatha kokha: pa zaka 5,730 zilizonse theka limapita. Chamoyo chikafa chimaleka kutenga watsopano, ndiye wotsalayo amaulula kuti imfa idachitika liti. Libby adalandira mphoto ya Nobel mu 1960. Tsono pepala lochokera ku labotale silidzakuuza chaka. Lidzati, mwachitsanzo, 350 ± 30 BP, ndipo BP ameneyo amawerengedwa chobwerera kuchokera mu 1950. Wosadziwa amangochotsera n'kulengeza kuti mudzi udalipo mu 1600. Ameneyo wagwa kale, asanafike n'komwe pa 30 uja.

Wagwa chifukwa kaboni-14 mumpweya sadali wofanana zaka zonse. Ankakwera ndi kutsika malinga ndi zochitika padzuwa komanso mphamvu ya maginito ya dziko. Kuti nambala ya labotale isanduke chaka cha pakalendala, imadutsa pa mzere wowongolera umene udapangidwa poyeza zinthu zodziwika zaka: mizere ya m'thunthu la mitengo, matope a pansi pa nyanja ya Suigetsu ku Japan, miyala yomera m'phanga la Hulu ku China. Mzere wa mu 2020, IntCal20, umafika zaka 55,000, ndipo amene adatsogolera masamu olumikiza miyeso zikwizikwi kukhala mzere umodzi ndi munthu wa ntchito yakoyi, Tim Heaton. Ife a kumwera kwa dziko tili ndi wathu, SHCal20, poti nyanja zikuluzikulu za mbali ino zimachititsa zinthu kuoneka zakale ndi zaka makumi angapo. Ndiye taganiza: Malawi ali m'dera limene mphepo za dzinja zimasakaniza mpweya wakumpoto ndi wakumwera. Wina akadzakupatsa makala a kwathu, usadzangodina batani. Udzadzifunse kuti mzere woyenera ndi uti, ndipo chifukwa chake udzachilembe.

Mzerewo si wowongoka. Pena umayenda chopingasa kwa nthawi yaitali, kotero zinthu zosiyana mibadwo isanu zimapereka nambala imodzi. A ku Ulaya amadandaula ndi chigawo cha 800 mpaka 400 BC. Ife tsoka lathu lidagwera pamtima penipeni pa mbiri yathu. 350 uja akadutsa pamzere amatambasuka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1600. Imeneyo ndi nthawi ya a Kalonga, nthawi imene Gaspar Bocarro adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, a Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. Kuti malonda otere adakula Apwitikizi asanakhazikike pa Zambezi kapena atakhazikika kale ndi funso lalikulu, ndipo khala limodzi palokha silingaliyankhe. Pa mafunso otere ndi pamene anthu adzatembenuke kukuyang'ana iwe.

Njira imene udzagwiritse ntchito udaiona kale pakhonde pathu. Kumbukira mu 2017, nthawi ya kalembera wa zitupa za unzika, pamene tinkafuna chaka chobadwa cha agogo ako. Poyang'ana nkhope yokha, munthu akadati adabadwa pakati pa 1930 ndi 1950. Ife tidakhala pamphasa n'kuyamba kufunsa. Pa njala ya 1949 adali atayamba kale kubereka mng'ono wawo kumsana, koma asanavinidwe. Ine, mwana wawo woyamba, ndidabadwa Chitaganya chili mkati. Achemwali awo aakulu adawaposa ndi mimba imodzi yokha, ndipo iwowo chaka chawo chidalembedwa m'buku la ubatizo. Palibe mfundo imodzi mwa zimenezi imene inkatchula chaka cha agogo, koma titaziika pamodzi, zaka 20 zija zidafupika n'kutsala zinayi. Agogo ankangoseka, kuti tikuwazenga mlandu wanji.

Njirayi amaitcha ya Bayes, potengera m'busa Thomas Bayes amene nkhani yake idasindikizidwa mu 1763 mwini wake atamwalira kale. Pabwinja imagwira motere. Padzala phulusa la pansi lidatayidwa poyamba, la pamwamba pambuyo. Ukakhala ndi njere zitatu zopserera, ya pansi, ya pakati ndi ya pamwamba, iliyonse payokha itha kutambasuka zaka 150. Ukaiuza kompyuta kuti ya pansi ndiyo yaikulu kwa zinzake, zitatuzo zimapanikizana n'kufupika. Caitlin Buck, amene pambuyo pake adakhazikika ku Sheffield, adakonza masamu ake pamodzi ndi anzake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Christopher Bronk Ramsey wa ku Oxford adalemba OxCal, pulogalamu imene udzagone nayo ndi kudzuka nayo. Mu 2011 Alasdair Whittle, Frances Healy ndi Alex Bayliss adaonetsa mphamvu yake pa malinga a dothi a alimi oyamba a kumwera kwa Britain. Kale ankangoti malingawo ndi a zaka mazanamazana zosalekanitsika. Iwo adapeza kuti adayamba kumangidwa motsatizana cha m'ma 3700 BC, ndipo ena adatumikira mibadwo yochepa chabe.

Koma bwerera kwa agogo. Tikadasokoneza njala ya 1949 ndi njala ina, tikadapezabe zaka zinayi, zolongosoka, koma zabodza. Kompyuta siitsutsa. Imalandira chimene waiuza n'kukubwezera yankho lopyapyala, losalala, ngakhale lili lolakwika. Ndipo chimene umaiuzacho, chakuti ichi chidali pansi pa icho, sichichokera m'masamu. Chimachokera m'dzenje, m'maso a munthu amene adagwada pamenepo. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine mwambiwu ndidauphunzira ndi manyazi, ndipo ndikuuza mmene zidakhalira.

Ndili ndi zaka ngati zakozi ndidali pa kontirakiti ya zaka ziwiri ku yunivesite ina ya kunja, itatsala miyezi isanu kuti ithe, ndilibe pepala ndi limodzi lomwe losindikizidwa. Tidalandira zotsatira zisanu za makala ochokera pabwinja lina la m'chigawo chapakati, pamene ndidathandiza nawo kukumba chilimwe cha chaka chinacho. Zinayi zidagwirizana ngati ana a mimba imodzi. Chachisanu chidaposa zinzake ndi zaka mazana angapo. Ukadaona mmene mtima wanga udadumphira! Chikadakhala choona, ndiye kuti osula zitsulo adafika pamalopo kale kwambiri kuposa mmene mabuku ankanenera, ndipo dzina langa likadakhala pamwamba pa nkhani imeneyo. Masabata atatu ndidakhala ndikukonza masamu oti chachisanucho chiime. Masamuwo adalibe cholakwa, mpaka lero ndikhoza kuwateteza.

Tsiku limene khalalo linkatoledwa ndidalipo. Dzuwa la mu Okutobala lidali likuswa mtengo, tonse tili mbuu ndi fumbi la sefa. Bambo wina wa m'mudzimo, mlimi wa fodya amene ankagwira nafe ganyu, adatola kachidutswa kamene kadagwa pambali, kukaphwanya ndi chikhadabo, kukanunkhiza, n'kunena kuti, "Bwana, awa si makala a pamafuwa. Ichi n'chitsa, chidapsera pomwepa." Adandionetsa mmene kuda kwa dothi kunkatsikira pansi ngati zala zotambasula, kutsata mizu. Mtengo udapsa ndi moto wolusa mudzi usanamangidwe, anthu n'kudzamanga pamwamba pake. Ndidalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba la kabuku kanga, n'kupitiriza kusefa. Patapita chaka, m'chipinda chozizira cha kunja kuja, mawuwo ndidawaiwala. Ndinene bwino: ndidasankha kusawakumbukira.

Pamsonkhano wa akatswiri ndidalankhula mphindi makumi awiri, zithunzi zanga zili zokongola. Nditamaliza, mayi wina wachikulire wa imvi mutu wonse, amene adakhala kumbuyo, adakweza dzanja. Za masamu sadafunse ndi chimodzi chomwe. Adangoti, "Makalawo mudawatola pati, ndipo ndi a mtengo wanji?" M'kamwa mudauma gwa. Ndidaona nkhope ya mlimi uja ngati waima pakhomo la holoyo, chikhadabo chake chili chakuda. Usiku womwewo ndidafukula kabuku m'sutikesi, masamba ake ofiira ndi dothi, ndipo mawu aja adali pomwe ndidawasiya. M'mawa ndidakauza pulofesa kuti pepalalo lisatumizidwe.

Sindikuuza kuti chilungamo chidandipatsa ntchito ina. Sichidandipatse. Kontirakiti idatha, ndidabwerera kudzaphunzitsa masamu, ndipo mayi ako ndi amene adandilandira pabwalo la ndege ndi sutikesi imodzi. Koma bodza lija likadasindikizidwa, bwenzi lero lili m'mabuku, ana a sukulu akuliloweza, ndipo wina ngati iwe atalipeza n'kuliika m'kompyuta yake ngati maziko. Mayeserowo adzakupeza nawenso. Sadzabwera ngati bodza. Adzabwera ngati kachisankho kakang'ono kololedwa m'masamu: chotsatira ichi tichotse, mzere uwu tisankhe, malire awa tipanikize pang'ono. Miyezi ikamatha, mawu akuti "chakale kwambiri" ndi "choyamba mu Africa" amayamba kutsekemera. Usafupikitse zaka za anthu akale pofuna kutalikitsa kontirakiti yako.

Choncho mwezi woyamba womwe ukapemphe kupita kumene akukumba. Adzati ntchito yako ndi ya muofesi, iwe ukaumirire, ngakhale kwa masabata awiri okha. Ukaone mmene una wa mbewa umatsitsira phale la pamwamba kulipititsa pansi, mmene dzenje la zinyalala lokumbidwa pambuyo limadulira phulusa lakale. Ukaphunzire kuti njere ya mapira, imene idamera ndi kufa chaka chimodzi, imanena zoona kuposa khala la tsanya limene mtima wake udaleka kukula zaka mazana moto usanaligwire. Mafupa a nsomba, ngakhale a munthu amene ankadya nsomba kwambiri, amatha kuoneka akale kuposa mmene alili, chifukwa m'madzi mumakhala kaboni wokalamba. OxCal ili ndi njira yoti uiuze kuti makala atha kukhala aakulu kwa moto umene udawaotcha, koma siingadziwe yokha ngati iwe sudafunse. Pa nambala iliyonse imene yafika patebulo pako, funsa kuti adaitola ndani, pati, ndipo pamwamba ndi pansi pake padali chiyani.

Mapu nawo amanama mwaulemu. Pali njira yotchuka yophatikiza zotsatira zonse za kaboni za dera limodzi n'kunena kuti pamene zachuluka ndiye kuti anthu adachuluka. Stephen Shennan ndi anzake a ku London adaigwiritsa ntchito mu 2013 pa alimi oyamba a ku Ulaya, kumene zotsatira zilipo zikwizikwi, ndipo ngakhale kumeneko anthu amakanganabe nayo. Kwathu kuno madontho a pamapu amatsata misewu imene Land Rover inkatha kudutsa. Karonga, Dedza ndi gombe la Mangochi zikuoneka zodzaza chifukwa J. Desmond Clark, Keith Robinson, a Gadi Mgomezulu ndi ena adagwirako ntchito. Boma limene mulibe dontho sindiye kuti mudalibe anthu. Mudalibe wokumba, kapena mudalibe ndalama zotumizira makala ku labotale. Ukadzaona malo oyera pamapu, udzakumbukire manambala 1 mpaka 29 a Petrie.

Usaganize kuti zaka zimenezi ndi nkhani ya m'mabuku chabe. Ku Great Zimbabwe, Richard Hall, mtolankhani amene adapatsidwa udindo wosamalira malowo mu 1902, adakokolola dothi lochuluka n'kulitaya, pokhulupirira kuti omanga adali alendo ochokera kutsidya la nyanja. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adaonetsa kuti adamanga ndi Aafrika, komabe mu 1970 Peter Garlake adachoka m'dziko la Rhodesia chifukwa boma silinkafuna kumva zimenezo. Mu 2013 Shadreck Chirikure, mwana wa ku Zimbabwe konko, adatenga ndi anzake zotsatira zimene zidalipo n'kuzilukanso ndi njira ya Bayes, kuyesa kubwezeretsa ndondomeko imene makasu a Hall adasokoneza. Ku Zambia, manda a ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi, ankadziwika kuti ndi a zaka za m'ma 1300 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1400. Mu 2017 Susan McIntosh ndi Brian Fagan adayezetsa nsalu za m'mandamo n'kupeza kuti ndi za pakati pa 1480 ndi 1640. Fagan yemweyo ndi amene adafukula nawo malowo ali mnyamata. Atakalamba adasaina dzina lake pa pepala lokonza zimene iye mwini ankaphunzitsa. Mtima umenewo uutengere.

Pena mzere wa m'tebulo lako udzakhala munthu. Mu 2017 Pontus Skoglund, David Reich ndi anzawo adasindikiza za DNA ya anthu akale a ku phiri la Hora ndi ku Fingira kumpoto, komanso ku Chencherere ku Dedza, ena a zaka pafupifupi 8,100. Pakompyuta amaoneka ngati zilembo ndi manambala. Iwe ndiwe mwana wa kumudzi, ukudziwa kuti kumanda salowako chilowelowe. Funsa ngati chilolezo cha dipatimenti yoona zakale chilipo, ngati mafumu a deralo adauzidwa, ngati zotsatira zidzabwerera kwa iwo m'chiyankhulo chimene amamva, komanso ngati akatswiri a m'dzikomo ali pa pepala monga olemba nawo. Mlimi wanga uja dzina lake silili m'buku lililonse. Ngakhale m'kabuku kanga ndidangolemba kuti "bambo wa chipewa chofiira". Limeneli ndi bala limene sindidachire.

Tsopano za kalata imene sunasaine. Funsa tsiku limene ndalama za kafukufuku wonse zidzathe, chifukwa pena limakhala pafupi kuposa mmene akulankhulira. Funsa ngati yunivesite idzakubwezera ndalama ya viza ndi ya zachipatala imene Britain imafuna kuti mlendo alipiretu. Funsa poyera kuti pa mapepala dzina lako lidzakhala pati, poti munthu wa masamu pakati pa ofukula amatha kusanduka mmisiri woitanidwa kudzakonza mpope, wothokozedwa ndi mzere umodzi kumapeto. Lembera anthu awiri amene adagwirapo ntchito ndi pulofesayo, makamaka amene adachoka, umve kuti ali kuti lero. Safunsa adadya phula. Zonse zimene udzalembe m'pulogalamu ya R uzisunge mwadongosolo, kuti wina azitha kuzibwereza iwe utachoka, ndipo mugwirizane msanga kuti udzaloledwa kupita nazo.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ntchito yakoyi ili pakati pa mapanga awiri. A masamu adzati wasanduka wokumba, okumba adzati ndiwe wa masamu. Mapepala a m'magazini ngati Antiquity, Radiocarbon ndi Journal of Archaeological Science adzakudziwitsa kwa ofukula, koma dipatimenti ya masamu ikamalemba anthu imafuna kuona njira yatsopano imene iwe wapanga. Pa zaka ziwirizi, pepala limodzi likhale la phanga lako lenileni. Chaka choyamba chikamatha, yamba kufunsira ntchito yotsatira. Ndipo uziyang'ana thandizo limene limapatsidwa kwa iwe mwini, pa funso lako, osati la pulofesa. La Humboldt ku Germany limalandira amene sadapitirire zaka 4 chitengereni digiri ya udokotala, la Marie Skłodowska-Curie zaka 8. Wotchi imeneyo idayamba kale kuyenda tsiku lija udavala mkanjo. Pa mayeso a ntchito adzakuuza kuti ufotokoze tanthauzo la chitsimikizo cha 95% kwa munthu wosadziwa masamu. Ukayesere pa mayi ako usananyamuke. Akamva iwowo, pulofesa aliyense adzamva.

Za ndalama ndilankhula monga mwini mbumba. Kuno anthu akangomva kuti Dokotala ali ku Ulaya, foni siidzapuma: fizi, feteleza, malata, maliro. Lendi ya kumeneko imadya gawo lalikulu la malipiro munthu asanagule ndi buledi yemwe. Sankha ndalama imene ungathe kutumiza mwezi ndi mwezi, uwauze mayi ako, ndipo ikhale yomweyo. Ina usunge yokwanira miyezi ingapo, chifukwa pakati pa kontirakiti ndi inzake pamakhala chigwa, ndipo viza siidikira munthu. Amene adzadandaule uwatumize kwa ine.

Zikadzapezeka kuti pambuyo pa postdoc imodzi kapena ziwiri mpando wokhazikika sukuoneka, usadzadzione ngati walephera. Mipando ndi yochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo ndaona anthu anzeru akufika zaka 45 akadasamukabe dziko ndi dziko ndi mabokosi a mabuku. Dziikire malire ukadali ndi mphamvu. Masamu amene amafupikitsa zaka za bwinja ndi omwewo amene amalosera kumene malungo achuluke, ndipo ku Zomba ndi ku Blantyre kuli maofesi owafuna. Koma ndikadakonda kuti tsiku lina udzabwere ndi funso lako la kwathu. M'mabuku ndi m'malipoti akale muli zotsatira za kaboni za ku Nkope, ku Dedza, ku Karonga, zambiri zoyezedwa kale mizere ya lero isanapangidwe. Zikudikira munthu wodziwa masamu, wodziwanso kulonjera mfumu.

Mayi ako akubweretsera kaphukusi. Muli mpeni womangira nyumba umene ndinkapalira dothi m'dzenje. Udali wautali ngati chikhatho changa, pano watsala theka, nsonga yake idatha ndi miyala. Uuike m'sutikesi yaikulu, chifukwa m'chikwama cha m'manja akakulanda pabwalo la ndege. Tsiku loyamba kudzenje, usakayambe ndi pulofesa. Ukagwade pafupi ndi munthu amene manja ake ada kwambiri ndi dothi, umufunse dzina, kenako umufunse chimene akuona. Akakuuza, usakalembe m'mphepete mwa tsamba.

Ndine malume ako.